Samora Machel: Mtsogoleri Amene Anayamba Polimbana ndi Eklezia

Akuluakulu a kuno kwa Lukwa amene anali ndi wailesi m'chaka cha 1986 akukumbukira m'mene dzina la Samora Machel linkatchulidwira motsitsa mawu. Kasungu ndi kwawo kwa Kamuzu Banda, ndipo nthawi imeneyo atsogoleri awiriwa sankamwerana madzi. Taona kuti nkoyenera kufotokozera akhristu athu, makamaka akatekisiti, za moyo wa munthu ameneyu, pakuti mbiri yake inakhudza Eklezia wa abale athu a ku Angónia ndi ku Niassa, amene timalankhula nawo chinenero chimodzi.

Samora Moisés Machel anabadwa pa 29 Sepitembala 1933 ku Chilembene, m'chigawo cha Gaza, kumwera kwa Mozambique. Makolo ake anali alimi, ndipo monga alimi ena ambiri ankakakamizidwa ndi Apwitikizi kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo woikidwa ndi ogula. Mlimi wa fodya sasowa womufotokozera kuwawa kwa zimenezi. Banjali linali la Chiprotestanti, koma malinga ndi pangano la mu 1940 pakati pa Portugal ndi likulu la Mpingo ku Vatican, maphunziro a ana achikuda anali m'manja mwa mishoni za Katolika. Choncho Samora anaphunzira pa mishoni, ndipo olemba mbiri yake amati anabatizidwa pofuna kuti aloledwe kulemba mayeso. Ubatizo wolandira mokakamizidwa umasiya chilonda, ndipo tikuganiza kuti chilondacho anakula nacho.

Anaphunzira unamwino ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Mu 1963 anathawira ku Tanzania kukalowa Frelimo, naphunzira usilikali ku Algeria. Eduardo Mondlane ataphedwa ndi bomba mu Febuluwale 1969, Machel anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Frelimo mu 1970.

Pano tiyenera kunena zoona za Eklezia wathu. Aepiskopi ambiri a ku Mozambique anali Apwitikizi, ndipo anaima pambali pa atsamunda. Koma si onse amene anakhala chete. Ansembe a chipani cha White Fathers, omwenso anatsegula mishoni za Mua ndi Likuni, anachoka m'dzikomo mu 1971 podandaula ndi kukhala chete kwa aepiskopi. Asilikali a Chipwitikizi atapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, pafupi ndi Tete, pa 16 Disembala 1972, anali amishonale amene anasonkhanitsa maina a ophedwa, ndipo Bambo Adrian Hastings anaulula nkhaniyo ku London mu 1973. Ambuye Manuel Vieira Pinto a ku Nampula anathamangitsidwa ndi boma la atsamunda mu 1974.

Pa 25 Juni 1975 dziko linalandira ufulu, Machel nakhala pulezidenti woyamba. Patangopita mwezi umodzi, pa 24 Julayi, boma linatenga sukulu ndi zipatala zonse, kuphatikizapo za mishoni. Mu 1977 Frelimo inalengeza kuti ikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Sitingakane kuti zaka zoyambirira zinabweretsa zabwino: ana ambiri analowa sukulu, katemera anafika kumidzi, ndipo Machel ankadana ndi katangale ndi kusankhana mitundu. Koma boma lomwelo linathetsa mafumu, linasamutsa alimi ku minda ya makolo awo kukawaika m'midzi yaikulu ya chitukuko, ndipo linatseka matchalitchi ambiri. Amene ankaoneka otsutsa ankatumizidwa ku misasa ya ku Niassa, tsidya la nyanja yathu. Uria Simango, Joana Simeão ndi wansembe Mateus Gwenjere anaphedwa popanda kuzengedwa mlandu poyera. Mu 1983 anthu zikwizikwi amene analibe makalata a ntchito anagwidwa m'mizinda ndi kutayidwa kumpoto.

Chimene Machel sanachiganizire ndi chakuti polanda nyumba za mishoni anabwezera Eklezia m'manja mwa anthu wamba. Pa msonkhano waukulu wa ku Beira mu 1977, Mpingo unagwirizana zokhazikika pa miphakati ndi pa mautumiki a akhristu eni ake. Kumene wansembe sanafike kwa zaka zambiri, akatekisiti ndi akulu a mpingo ndiwo ankatsogolera mapemphero a Lamulungu pansi pa mitengo, kubatiza ana ndi kuika maliro.

Nkhondo ndiyo inagwetsa maloto ake. Atatseka malire ndi Rhodesia mu 1976, boma la Ian Smith linalera gulu la Renamo, ndipo kuyambira mu 1980 South Africa ya tsankho ndiyo inkalipatsa zida. Renamo inachita nkhanza zosaneneka, komabe inapeza anthu ena kumidzi amene mitima yawo inali itawawa kale ndi Frelimo. Machel anayamba kubwerera m'mbuyo. Mu Disembala 1982 anakumana ndi atsogoleri a zipembedzo. Mu 1984 anasaina pangano la Nkomati ndi P. W. Botha, ndipo chaka chomwecho dziko lake linalowa mu IMF ndi World Bank.

Ndi Malawi zinthu zinaipa kwambiri mu 1986. Mu Sepitembala Machel anabwera ku Blantyre pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzadzudzula Kamuzu kuti Renamo ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi, zimene boma lathu linakana. Pa 19 Okutobala, akuchokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia, ndege yake inagwa ku Mbuzini, ku South Africa, ndipo anafa pamodzi ndi anthu ena oposa 30. Anali ndi zaka 53. Kafukufuku wa South Africa anati olakwa anali oyendetsa ndege, pamene Soviet Union inati ndegeyo inasocheretsedwa dala. Ku Harare ndi ku Maputo anthu okwiya anaphwanya maofesi a boma la Malawi.

Amene anamulowa m'malo, Joaquim Chissano, analandira Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1988, ndipo mu 1989, chaka chimene khoma la Berlin linagwa, Frelimo inasiya chiphunzitso cha Marx. Panthawiyo othawa nkhondo anali atadzaza ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, patapita miyezi 7 chiwerengedwere kalata ya aepiskopi athu ya m'nyengo ya Lenti. Pakati pa ankhoswe panali a bungwe la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira, mtsogoleri wa Mpingo womwe uja umene sukulu zake zinalandidwa mu 1975.