Michael Faraday: mwana wa wosula zitsulo amene anatsegulira njira sitima zoyandama

Pamipikisano ya sayansi ya ana asukulu m'mayiko ambiri pamakhala ntchito ina imene anthu amaunjirira kuti aone: kagalimoto kopanda mateyala koyenda m'malere. Ophunzira amamata mizere iwiri ya maginito pathabwa kuti ikhale njanji, kenako amamata maginito ena kunsi kwa kagalimoto kopepuka. Poti mbali zofanana za maginito zimakankhana, kagalimotoko kamanyamuka pang'ono, ndipo kafani koyendera batire kamakakankhira kutsogolo. Sitima zenizeni zamtunduwu ziliko. Ya ku Shanghai, ku China, inayamba kunyamula anthu mu 2004, ndipo ya ku Japan poiyesa mu 2015 inathamanga makilomita 603 pa ola. Mbali yaikulu ya nzeru zoyendetsera sitimazi inachokera kwa munthu amene sukulu sanapite nayo patali, ndipo masamu apamwamba sanawadziwe mpaka imfa yake.

Michael Faraday anabadwa pa 22 Sepitembala 1791 ku Newington Butts, kufupi ndi London. Bambo ake anali wosula zitsulo wodwaladwala, moti pakhomo chakudya chinali chosowa. Ali ndi zaka 13 analembedwa ntchito yotumidwa m'sitolo ya mabuku ya George Riebau, ndipo chaka chotsatira anayamba kuphunzira kusoka ndi kumata mabuku, ntchito imene anaigwira zaka 7. Mabuku amene ankabwera kudzamatidwa iye ankayamba wawawerenga. Atawerenga za magetsi, anatola mabotolo akale ndi matabwa n'kupanga yekha kachipangizo kotulutsa tinthethe ta magetsi. Kholo limene likuona mwana akutolera mawaya ndi mabatire otha lingachite bwino kumufunsa chimene akupanga lisanamulalatire.

Mu 1812 kasitomala wina anamupatsa matikiti okamvera nkhani za Humphry Davy, katswiri wa sayansi ya mankhwala ku Royal Institution. Faraday analemba zonse zimene anamva, anazimata bwinobwino kukhala buku, n'kumutumizira Davy pamodzi ndi pempho la ntchito. Mu Malichi 1813 analembedwa ngati wothandiza mulabotale. Ntchito yake inali kutsuka mabotolo ndi kukonza zida. Pa ulendo wa miyezi 18 wozungulira mayiko a ku Ulaya, mkazi wa Davy ankamutenga ngati wantchito wam'nyumba. Anapirira, chifukwa ulendo womwewo unamukumanitsa ndi akatswiri monga Ampère ndi Volta.

Mu 1821, chaka chimene anakwatira Sarah Barnard, anaonetsa kuti waya wodutsa magetsi angathe kuzungulira maginito osaima. Imeneyo ndiyo inali mbewu ya mota yamagetsi. Funso limene linamuvutitsa zaka 10 linali lakuti, ngati magetsi angapange mphamvu ya maginito, kodi maginito sangapange magetsi? Yankho analipeza mu 1831. Maginito atangokhala phee pafupi ndi waya wokulungidwa sipachitika kanthu. Akamayenda, kulowa ndi kutuluka, magetsi amabadwa muwayamo. Chinsinsi chinali kuyendako. Dayinamo ya njinga imagwira ntchito motero, chimodzimodzinso makina a pa Nkula ndi pa Kapichira mumtsinje wa Shire.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukumana ndi sitima zoyandama. Magetsi obadwa mwanjira imeneyi amapanga mphamvu yawoyawo ya maginito, ndipo mphamvuyo imalimbana ndi kuyenda kumene kwawabereka. Mukaponya maginito amphamvu m'paipi ya mkuwa, amatsika pang'onopang'ono ngati akumira mu uchi, chonsecho mkuwa sukokedwa ndi maginito. Sitima ya ku Japan ili ndi maginito amphamvu kwambiri m'mbali mwake. Ikamadutsa, imadzutsa magetsi m'mawaya okulungidwa amene ali m'zipupa za njanji, ndipo mawayawo amainyamula masentimita pafupifupi 10. N'chifukwa chake imayamba ulendo pamateyala, n'kudzawapinda liwiro likafika cha m'ma 150 pa ola.

Kagalimoto ka ana kali ndi vuto limene limakhumudwitsa ambiri: kamatembenuzika kapena kuterera kumbali n'kukamatirira panjanji. Mwanayo sanalakwitse. Mu 1842, Samuel Earnshaw, m'busa wodziwa masamu, anaonetsa mfundo imene imatanthauza kuti maginito wamba okhaokha sangayandamitse chinthu n'kukhazikika. Ndiye chifukwa chake njanji zapampikisano zimakhala ndi zipupa zosalala m'mbali. Amene amapambana ndi amene achepetsa kukhulana ndi zipupazo, aika batire lolemera m'munsi ndi pakati, ndipo amasintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kulemba zotsatira. Faraday ankalemba manambala pa ndime iliyonse ya m'mabuku ake a mulabotale, zimene zatheka ndi zimene zakanika zomwe, mpaka zinapitirira 16,000. Kwa ine, chizolowezi chimenechi n'chofunika kuposa chikho, ndipo sichisiyana ndi kaundula wa sikelo ya ana wolembedwa moona.

Mu 1845, atachira ku matenda a kutopa ndi kuiwalaiwala amene anamugwira kuyambira 1839, anapachika kachidutswa ka galasi lolemera pakati pa maginito amphamvu oyendera magetsi. Galasilo linatembenuka ngati likuthawa. Anayesa madzi, mtengo, buledi, nyama, ngakhale magazi, ndipo zonse zinkakankhidwa, koma mofooka kwambiri. Kukankha kwamtundu umenewu ndiko kumazemba lamulo la Earnshaw. Mu 1997 akatswiri a ku Nijmegen, ku Netherlands, anayandamitsa chule wamoyo m'kati mwa maginito amphamvu zedi, chuleyo n'kutulukamo ali bwinobwino.

Za magazizo ndi zofunika kwa ife a zaumoyo. Pali amene amagulitsa zibangili za maginito n'kumanena kuti zimakoka ayironi wa m'magazi ndi kutsitsa BP. Ayironi wa m'magazi sakokedwa monga msomali. Zikanakhala choncho, palibe akanatuluka wamoyo m'makina ojambulira a MRI, amene maginito ake amatha kukoka silinda ya okisijeni. Wodwala BP asasiye mankhwala chifukwa cha chibangili.

Faraday sankakonda kutsutsa ndi pakamwa pokha. Mu 1853 ku London kunabuka mchitidwe woti anthu akhala mozungulira tebulo, aikapo manja, tebulolo n'kuyamba kuyenda, ndipo ambiri ankati ndi mizimu kapena magetsi. Iye anaika makatoni oterereka pansi pa manja awo, n'kulumikizako kamuvi koonetsa chimene chayamba kusuntha. Zinapezeka kuti manja ndiwo ankayamba, eni ake osadziwa. Atawalola kuyang'ana kamuviko, tebulo linaleka kuyenda. Sanawanene kuti ndi abodza, chifukwa sanali abodza. Patapita zaka ziwiri, akuyenda pabwato mumtsinje wa Thames, anaponya timapepala toyera m'madzi ndipo tinkasowa tisanamire n'komwe kutalika kwa chala. Analembera nyuzipepala ya The Times kuchenjeza kuti mtsinjewo wasanduka ngalande ya zonyansa. Kolera anali atangopha anthu ambiri mumzindawo, koma akuluakulu anadzachitapo kanthu fungo litawavuta okha mu 1858.

Iye ndi Sarah sanabereke, koma ana ankawakonda. Nkhani za sayansi za ana zimene zimakambidwa ku Royal Institution nyengo ya Khirisimasi zinayamba mu 1825 ndipo zikuchitikabe. Faraday anazitsogolera maulendo 19, ndipo zotchuka kwambiri zinali za kuyaka kwa kandulo wamba.

Makolo amene ana awo akupanga timagalimoto timeneti adziwe kuti maginito a masiku ano, aja onyezimira ngati siliva opezeka m'masipika ndi m'makompyuta akale, ndi amphamvu kuposa amene Faraday ankagwira m'manja. Ang'onoang'ono amaoneka ngati maswiti. Mwana akameza awiri kapena kuposerapo, kapena amodzi pamodzi ndi kachitsulo, amakokana ali m'zigawo zosiyana za matumbo, n'kupana thumbo mpaka kuboola. Poyamba mwanayo angaoneke bwino, kapena kungodandaula m'mimba ndi kusanza, zimene n'zosavuta kuzisokoneza ndi matenda ena. Musamusanzitse, musamumwetse mankhwala otsegula m'mimba, ndipo musadikire kuti atuluka okha. Thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene mosabisa kuti mukukayikira maginito, kuti ajambulidwe X-ray, chifukwa nthawi zina pamafunika opaleshoni. Batire laling'ono longa batani nalonso ndi loopsa: likakakamira kummero limaotcha m'maola awiri okha. Wamkulu awerenge maginito ntchito isanayambe ndiponso ikatha, asungidwe kutali ndi ana aang'ono, ndipo asayandikitsidwe pachifuwa cha munthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda.

Faraday anali wa kampingo kakang'ono ka Sandemanian, ndipo ulemu wa dziko sunkamukoka. Anakana kawiri kukhala mtsogoleri wa Royal Society. Boma litamufunsa za kupanga mpweya wapoizoni pa nkhondo ya ku Crimea, anakana kutengamo mbali. Kuiwalaiwala kunakulirakulira mpaka anasiya kuyankhula pagulu mu 1862. Anamwalira pa 25 Ogasiti 1867 ali ndi zaka 75, m'nyumba ya ku Hampton Court imene Mfumukazi Victoria inamupatsa kuti azikhalamo. Anali ataneneratu kuti safuna kuikidwa ku Westminster Abbey kumene kumagona mafumu ndi anthu otchuka, choncho anamuika kumanda a Highgate. Pamwala wa pamanda ake panalembedwa dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira, ndipo Sarah anadzaikidwa pomwepo mu 1879.