John Buchanan: wolima dimba yemwe adagwirizira ukazembe

Madzi omwe alimi a mpunga ku Likangala amathirira m'minda mwawo amachokera kutali. Ena mwa iwo amatsika m'phiri la Zomba kudzera mumtsinje wa Mulunguzi, n'kuthira mu Likangala, ulendo wa kunyanja ya Chilwa. M'mbali mwa Mulunguzi yemweyo ndi momwe mudakhazikika mzungu wina yemwe zochita zake zidathandiza kuti dera lonseli likhale mbali ya Malawi, osati Mozambique. Dzina lake adali John Buchanan.

Chikumbutso chake chachikulu ndi nyumba yakale ya nsanja ziwiri zosongoka yomwe ili m'tsinde mwa phirilo, ija ambiri amaidziwa kuti Hotel Masongola. Adamanga nyumbayi ndi Buchanan ndi abale ake cha m'ma 1886, kumangira kazembe wa dziko la Britain, a Hawes.

Buchanan adabadwa m'chaka cha 1855 ku Scotland ndipo ntchito yomwe adaphunzira idali ya zamadimba. Adafika m'dziko muno mu 1876 ali ndi zaka pafupifupi 21, limodzi ndi gulu lomwe lidayambitsa mishoni ya Blantyre. Sadali mbusa ayi, adali wantchito wamanja. Patapita zaka zochepa adakatsegula munda wa mishoni ku Zomba, m'dera la mfumu Malemia, komwe adazolowerana ndi anthu mpaka kumayankhula Chiyao.

Koma mbiri yake ili ndi banga lalikulu. Masiku amenewo kudalibe boma, choncho azungu a pamishoni ankaweruza okha milandu, ndipo chilango chawo chidali chikoti. Anthu ankakwapulidwa mopanda chifundo pongoganiziridwa kuti aba katundu, mpaka wina adamwalira nayo mikwapuloyo. Nkhaniyi idaphulika ku Britain mu 1880 pamene mlendo wina, Andrew Chirnside, adaisindikiza. Mpingo wa Church of Scotland udatumiza anthu kudzafufuza, ndipo mu 1881 Buchanan adachotsedwa ntchito pamodzi ndi mkulu wa mishoniyo, mbusa Duff MacDonald, komanso George Fenwick.

Wina akadalongedza n'kubwerera kwawo mwamanyazi. Buchanan sadatero. Adatsalira ku Zomba, abale ake David ndi Robert adamutsatira, ndipo adayamba kulima khofi, nzimbe ndi fodya. Mu 1885 adatulutsa buku lofotokoza za mapiri a Shire, lokopa azungu anzake kuti abwere kudzalima.

Apa ndiye pali chodabwitsa. Kazembe Hawes atachoka, boma la Britain lidasiya udindo wake m'manja mwa munthu yemwe mpingo udamupeza wankhanza. Mwina chidali chifukwa chakuti azungu odziwa dziko, mafumu ndi chiyankhulo ngati iye adali owerengeka.

Mu 1889 zinthu zidafika povuta. Gulu la Apwitikizi okhala ndi zida, motsogozedwa ndi Serpa Pinto, lidayamba kukwera ndi mtsinje wa Shire, cholinga chili chakuti derali likhale lawo. Harry Johnston, yemwe adatumidwa kudzapangana ndi mafumu, adali atapitirira ulendo wa kunyanja. Yemwe adatsala pafupi adali Buchanan, ndipo ndi iye adalengeza kuti dziko la Amagololo ndi mapiri a Shire zili pansi pa chitetezo cha Britain. Apwitikizi adamenyanabe ndi Amagololo, koma mu Januwale 1890 Britain idalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake. Pangano la maiko awiriwa la mu 1891 lidadutsitsa malire kummawa kwa nyanja ya Chilwa. N'chifukwa chake mwana wa ku Likangala lero amaphunzira Chingerezi kusukulu, pomwe mnzake kuseri kwa malirewo amaphunzira Chipwitikizi.

Johnston atabwera kudzalamulira mu 1891, adalowa m'nyumba ija ya nsanja zosongoka. Kuyambira pamenepo Zomba idakhala likulu la dziko lino kufikira 1975 pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe.

Nanga eni nthaka adapindulanji? Funsoli n'lowawa. Boma la Johnston litayamba kupereka zikalata za umwini wa malo, banja la Buchanan lidatsimikiziridwa maekala oposa 160 000. Malo ambiri otere azungu ankawapeza popatsa mafumu nsalu, mikanda kapena mfuti, pomwe mwa mwambo wathu mfumu imangosunga nthaka, siigulitsa. Mabanja omwe adapezeka ali m'kati mwa maesiteti adasanduka alendo pakwawo, ndipo m'kupita kwa nthawi ankalipira malo okhala pogwira ntchito ya thangata, yomwe agogo athu saitchula akumwetulira.

Mwini wake sadadyerere chumacho nthawi yaitali. Mu Malichi 1896, ali paulendo wokacheza kwawo ku Scotland, adadwala n'kumwalira padoko la Chinde ku Mozambique, komwe Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Adali ndi zaka pafupifupi 40. Minda yake pambuyo pake idapita m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa Limited.