Manute Bol, m'busa wa ng'ombe amene adatchuka ndi basketball ku America

Blantyre, Mana: Ring'i ya mpira wa ntchemberembaye, monga zimene zimaoneka pa mabwalo a sukulu ku Chileka ndi ku Lirangwe, malamulo amati ikhale mamita 3.05 kuchokera pansi. Ring'i ya basketball nayonso imapachikidwa pa msinkhu womwewo. Malemu Manute Bol, mbadwa ya dziko limene lero ndi South Sudan, ankatha kuigwira ataima chilili, osadumpha.

Bol adali wamtali mamita 2.31, ndipo iye ndi Gheorghe Muresan wa ku Romania ndiwo osewera atali koposa amene adasewerapo mu ligi yaikulu ya basketball ku America ya NBA. Adakhala mu ligiyi kuyambira 1985 mpaka 1995, akusewera pa malo otchedwa center, omwe amapatsidwa kwa munthu wamtali mu timu kuti azilondera pansi pa ring'i. Ntchitoyi idamupezetsa ndalama zankhaninkhani, koma pomwalira mu 2010 adalibe chuma, kaamba koti zambiri adazipereka kwa anthu akwawo pa nthawi ya nkhondo.

Zikalata zimaonetsa kuti adabadwa pa 16 October 1962 m'dera la Turalei, pakati pa anthu a mtundu wa Dinka. Tsikuli adachita kulipeka ndi Kevin Mackey, mphunzitsi wa basketball yemwe adamulandira ku America, ndipo mwiniwakeyo adaulula izi patapita zaka, nanena kuti Bol ayenera kuti adali wamkulu kuposa pamenepo. Kwa a Dinka chuma ndi ng'ombe, choncho mnyamatayu adakulira kubusa ndipo sadapite kusukulu. Ali ku America ankakonda kusimba kuti adaphapo mkango ndi mkondo poteteza ziweto. Basketball adaiyamba mochedwa, mu mzinda wa Wau, kenaka adapita ku Khartoum komwe adalowa mu timu ya dziko la Sudan.

Mwayi wake udadza mu 1982, pomwe Don Feeley, yemwe adaphunzitsapo timu ya sukulu yaukachenjede ya Fairleigh Dickinson, adafika ku Khartoum kukasula timu ya dzikolo. Feeley adamuona, namulimbikitsa kuti apite ku America. Bol adafika kumeneko mu 1983 asakudziwa kuwerenga kapena kulemba Chingerezi. Timu ya San Diego Clippers idamusankha chaka chomwecho, koma akuluakulu a NBA adathetsa chisankhocho ponena kuti ndondomeko sidatsatidwe. Mackey adafuna kumutengera ku Cleveland State University, koma Chingerezi chidavuta ndipo Bol sadaisewerere sukuluyo ngakhale kamodzi. Pambuyo pake bungwe loyang'anira masewero a m'sukulu zaukachenjede la NCAA lidalanga sukuluyo chifukwa cha thandizo limene lidaperekedwa kwa Bol ndi anzake awiri a ku Africa mosemphana ndi malamulo.

Mu 1984 adalembetsa ku University of Bridgeport m'chigawo cha Connecticut, sukulu yaing'ono yosewera mu ligi yachiwiri. Pansi pa mphunzitsi Bruce Webster, Bol ankagoletsa mapointi pafupifupi 22 ndi kutchinga mipira isanu ndi iwiri pa masewero alionse. Holo ya sukuluyo, yokhala ndi mipando 1,800, idayamba kudzaza. Adakhalako chaka chimodzi chokha, popeza ankafuna ndalama zoti atulutsire mlongo wake ku Sudan. Atasewera pang'ono mu timu ya Rhode Island Gulls, mu 1985 timu ya Washington Bullets idamusankha ali pa nambala 31.

Ambiri adamukayikira. Pa msinkhu wonsewo ankalemera makilogalamu pafupifupi 91, miyendo ndi mikono ili nyonyololo, pomwe osewera anzake a pa malo a center ankamuposa ndi makilogalamu 20 kapena 30 ndipo ankamukankha mosavuta. Chimene adali nacho ndi mikono, yomwe akaitambasula inkakwana mamita 2.59. Mu basketball wotchinga amaloledwa kumenya mpira umene mdani waponya, bola ukhale usadayambe kutsikira ku ring'i. Luso limeneli limafuna maso ndi kudziwa nthawi yodumphira, ndipo Bol adalidziwa bwino. M'chaka chake choyamba adatchinga mipira 397 pa masewero 80, chiwerengero chomwe palibe wosewera watsopano wachifikira mpaka lero. Kawiri konse adatchinga mipira 15 pa masewero amodzi. Mu 1987 timuyo idatenganso Muggsy Bogues, wamtali mamita 1.60, ndipo wamtali kwambiri ndi wamfupi kwambiri mu ligi adavala yunifolomu imodzi.

Mu 1988 adapita ku Golden State Warriors, komwe mphunzitsi Don Nelson adachita zimene ena adaziyesa nthabwala pomulola kuponya mpira ali patali, pa mzere wa mapointi atatu. Adagoletsa mipira 20 yotere chaka chimenecho, natsogoleranso ligi potchinga mipira 345. Mu 1990 adasamukira ku Philadelphia 76ers. Mu March 1993, posewera ndi Phoenix Suns, adagoletsa mipira isanu ndi umodzi ya mapointi atatu m'chigawo chachiwiri chokha, mpaka ochemerera timu ya adani adayamba kumuombera m'manja. Zitatero mphamvu zidayamba kuchepa. Adadutsa mwachidule ku Miami Heat, Washington ndi Philadelphia, ndipo kuvulala bondo ali ku Golden State kudatseka ntchito yake mu NBA.

Pa masewero 624 adagoletsa mapointi 1,599 ndi kutchinga mipira 2,086. Ndi yekhayo m'mbiri ya ligiyi amene mipira yotchinga idaposa mapointi ake. Kunena chilungamo, pa kugoletsa adali wofooka, ndipo matimu ankamulemba ntchito imodzi yokha. Koma ntchito imodziyo ankaigwira mwakuti adani ankasintha kaseweredwe akamuona pansi pa ring'i.

Chaka chimene Bol adachoka ku Sudan, 1983, ndi chomwenso nkhondo idabuka pakati pa boma la ku Khartoum ndi gulu la SPLA la John Garang. Nkhondoyi idapha anthu pafupifupi 2 miliyoni, ndipo Bol ankanena kuti abale ake okwana 250 adafera momwemo. Ligi ikapuma iye ankayendera misasa ya othawa nkhondo, ndipo ku Washington ankadandaulira aphungu a nyumba ya malamulo za mavuto a kummwera kwa Sudan, nthawi imene ochepa ankafuna kumva. Ndalama zimene adapereka kwa SPLA ndi kwa ovutika akuti zidafika madola 3.5 miliyoni. Zina zidalowa m'madzi pa malonda, kuphatikizapo malo odyera amene adatsegula ku Washington.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adabwerera ku Khartoum, boma litamulonjeza udindo woyang'anira zamasewero. Malinga ndi iye, adauzidwa kuti ayambe walowa Chisilamu, ndipo pokhala Mkhristu adakana. Udindowo sadaupeze, ndipo boma lidamuletsa kutuluka m'dzikomo. Adakwanitsa kufika ku Cairo mu 2001, ndipo mu 2002 adalowanso ku America ngati wothawa kwawo, wopanda ndalama.

Pofuna kusonkhetsa thandizo la anthu akwawo adavomera zinthu zimene ena adati zikumuchotsa ulemu. Mu 2002 adachita nkhonya pa wailesi yakanema ndi William Perry, nawina, ndipo adavala yunifolomu ya timu ya masewero a pa madzi oundana ya Indianapolis Ice ngakhale sankawadziwa. Mu 2004 adathyoka khosi pa ngozi ya takisi ku Connecticut, ndipo anzake akale monga Chris Mullin adamuthandiza kulipira chipatala.

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa mu 2005, Bol adagwirizana ndi bungwe la Sudan Sunrise kuti amange sukulu 41 zolandira ana a mitundu ndi zipembedzo zonse, kuyambira kwawo ku Turalei. Adadwalira komweko mu 2010, ndipo adamwalira pa 19 June ku Charlottesville m'chigawo cha Virginia ndi matenda a impso komanso nthenda yapakhungu ya Stevens-Johnson. Mwambo wa maliro udachitikira ku Washington National Cathedral, ndipo thupi lake lidakaikidwa ku Turalei. South Sudan idalandira ufulu wodzilamulira pa 9 July 2011.

Mmodzi mwa ana a ku Sudan amene adadziwa basketball kudzera mwa Bol, banja lawo litathawira ku Egypt, ndi Luol Deng, yemwe adadzasewera mu NBA ndipo mu 2019 adasankhidwa kutsogolera bungwe la basketball ku South Sudan. Chaka chomwecho mwana wa malemuyu, Bol Bol, adasankhidwa kulowa mu NBA. Mu 2024 timu ya South Sudan idasewera koyamba pa mpikisano wa Olympics ku France, komwe idagonjetsa Puerto Rico 90-79.