Mbiri ya malemu Arthur Ashe, katswiri wa tenisi amene anacheza ku Zambia m'chaka cha 1970

Chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala, akatswiri 8 a masewera a tenisi amakumana pa mpikisano wotsekera chaka, umene masiku ano umadziwika ndi dzina loti ATP Finals. Palibe amene amaitanidwa kumeneko chifukwa cha kutchuka, dziko lochokera kapena khungu lake. Malo amapezeka ndi mapointi amene munthu watolera kuyambira mwezi wa Januwale. Mmodzi mwa anthu amene anakhazikitsa bungwe la ATP, limene limayendetsa mpikisanowu, ndi malemu Arthur Ashe a ku America. Iwo anakula akukanizidwa kulowa m'mabwalo ena a tenisi chifukwa chokhala munthu wakuda, ndipo anafika m'dziko la Zambia chakumapeto kwa 1970, patatsala milungu yowerengeka kuti mpikisano woyamba wa mtunduwu uchitike.

A Ashe anabadwa pa 10 Julayi 1943 mumzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, kumene malamulo a tsankho ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'mabasi ndi m'malo a masewera. Mayi awo, a Mattie, anamwalira m'chaka cha 1950 mwanayo ali ndi zaka 6. Bambo awo anali woyang'anira paki ya Brook Field, imene inapatulidwira anthu akuda, ndipo nyumba yawo inali mkati mwa pakiyo, pafupi ndi mabwalo a tenisi. Kumeneko ndi kumene wosewera wina wa mumzindawo, a Ron Charity, anaona luso la mnyamata wowondayo nayamba kumuphunzitsa.

Pambuyo pake anamutumiza kwa dokotala Robert Walter Johnson wa ku Lynchburg, amene anasulanso mayi Althea Gibson. Dokotalayu ankaphunzitsa ana akuda tenisi pamodzi ndi kuugwira mtima. Lamulo lake linali lakuti mpira ukagwa mokayikitsa pafupi ndi mzere, pointi apatsidwe mdani, ndipo mwana asakangane ndi woyimbira masewera. Ankadziwa kuti okonza mipikisano ya azungu ankangofuna kachifukwa kakang'ono kuti atseke chitseko. Khalidwe lofatsali a Ashe anakhala nalo moyo wawo wonse.

Popeza ku Richmond sankaloledwa kupikisana ndi anyamata achizungu, anakamalizira maphunziro a sekondale ku St. Louis, kenako anapita ku yunivesite ya UCLA. M'chaka cha 1963 anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa m'timu ya America ya Davis Cup.

Chaka cha 1968 chinasintha tenisi. Kufikira nthawi imeneyo, osewera olipidwa sankaloledwa pa mipikisano ikuluikulu monga Wimbledon. Chitseko chitatsegulidwa, a Ashe, amene pa nthawiyo anali msilikali, anapambana US Open yoyamba pogonjetsa a Tom Okker a ku Netherlands. Koma popeza anali asanalembetse ngati wosewera wolipidwa, mphoto ya madola 14,000 inapita kwa a Okker amene anagonja, ndipo iwo anangolandira ndalama zogulira chakudya ndi zofunika zina, madola 20 pa tsiku. Mu Januwale 1970 anatenganso chikho cha Australian Open.

M'zaka zimenezo munalibe dongosolo limodzi loyendetsera tenisi. Mpikisano uliwonse unali pawokha, ndipo anthu amalonda ankasainitsa akatswiri mapangano kuti azisewera m'magulu awoawo. Katswiri wakale, a Jack Kramer, ndi amene anapereka maganizo olumikiza mipikisano ya chaka chonse kukhala mndandanda umodzi wotchedwa Grand Prix. Pa mpikisano uliwonse wosewera ankalandira mapointi malingana ndi ndime imene wafika, monga momwe matimu a mpira wa miyendo amatolera mapointi mu ligi. Pakutha pa chaka, amene ali pamwamba ankagawana ndalama zapadera, ndipo ankakumana okhaokha pa mpikisano wotchedwa Masters. Dongosololi linayamba mu 1970.

Ndi m'chaka chomwecho pamene a Ashe anabwera mu Africa. Boma la tsankho la South Africa linali litawakaniza chiphaso cholowera m'dzikolo kukasewera South African Open, ndipo nkhaniyi inathandizira kuti dziko la South Africa lichotsedwe mu Davis Cup ya chaka chimenecho. Miyezi ingapo pambuyo pake, iwo pamodzi ndi mnzawo Stan Smith anayamba ulendo wokonzedwa ndi boma la America, nayendera maiko a Kenya, Tanzania, Zambia, Uganda, Nigeria ndi Ghana. Ankaphunzitsa achinyamata ndi kusewera masewera achionetsero. Alendo ambiri a ku America amene amatsika ndege pa bwalo la Mfuwe masiku ano amakhala akudzaona njovu ndi akambuku a ku South Luangwa, koma awiriwa anabwera ndi zomenyera mpira m'manja, m'dziko limene linali ndi zaka 6 zokha za ufulu, ndipo linali litangochereza kumene msonkhano waukulu wa maiko osalowerera mbali ku Mulungushi, mumzinda wa Lusaka. Masewera achionetsero sapereka pointi ngakhale imodzi, choncho masiku amene anathera mu Africa anali ongodzipereka, pa nthawi imene mpikisano wa mapointi unali kumapeto.

Komabe a Ashe anamaliza chaka ali pa nambala yachiwiri, kumbuyo kwa a Cliff Richey, atapambananso mpikisano wa ku Paris mu Novembala. Masters yoyamba inachitikira ku Tokyo, m'dziko la Japan, mu Disembala 1970, ndipo inali ya anthu 6 okha. A Richey, amene anatsogola pa mapointi, anadwala, ndipo malo awo anatenga a Jan Kodeš. Enawo anali a Rod Laver, a Ken Rosewall, a Željko Franulović, a Smith ndi a Ashe. Aliyense anasewera ndi mnzake aliyense, popanda ndime yomaliza. A Smith ndi a Laver anafanana, aliyense atapambana kanayi ndi kugonja kamodzi, koma chikho chinapita kwa a Smith chifukwa anagonjetsa a Laver atakumana. Munthu yekhayo amene anagonjetsa a Smith ku Tokyo anali mnzawo wa pa ulendo wa ku Zambia uja. Pa masewera a awiriawiri, a Smith ndi a Ashe anatengera limodzi chikho.

Chaka chotsatira a Ashe anabweranso mu Africa, ndipo ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, anaona mnyamata wa zaka 11 akumenya mpira mwaluso. Anathandiza kuti akaphunzire tenisi ku France. Mnyamatayo anali Yannick Noah, amene anapambana French Open mu 1983.

Ngakhale mapointi a Grand Prix analipo, kulowa m'mipikisano yeniyeniyo kunkadalirabe mabungwe a tenisi a m'maiko ndi okonza mipikisano, amene ankasankha anthu mmene afunira. Wosewera amene wayambana ndi akuluakulu a kwawo ankatha kungosiyidwa. Mu 1972 osewera anakhazikitsa bungwe lawo la ATP, ndipo a Ashe anali mmodzi mwa oliyambitsa. Mu 1973 mamembala 81 a bungweli ananyanyala Wimbledon pokwiya ndi chiletso chimene a Nikola Pilić a ku Yugoslavia anapatsidwa, ndipo a Ashe anali m'gulu la onyanyalawo. Mu Ogasiti chaka chomwecho bungweli linatulutsa mndandanda woyamba wa osewera wowerengedwa ndi kompyuta, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito posankha olowa m'mipikisano. A Ashe anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa ATP mu 1974. Kwa munthu amene ali mwana ankabwezedwa pachipata popanda kuona n'komwe kasewero kake, nkhani ya kulowa ndi mapointi sinali yaing'ono.

Dongosolo la masiku ano linachokera pamenepo. Pali mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa zotsatira za masabata 52 apitawo, umene umanena amene ali nambala wani pa dziko lonse. Wachiwiri ndi umene umatsegula njira ya ku mpikisano wotsekera chaka, ndipo pa umenewu aliyense amayamba chaka alibe kanthu. Wopambana umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open amalandira mapointi 2,000. Pansi pake pali mipikisano ya mapointi 1,000, ya 500 ndi ya 250, ndipo wogonja m'ndime zoyambirira amapeza ochepa kwambiri. Anthu 7 amene ali pamwamba pakutha pa nyengo amalowa mosakayikitsa. Malo achisanu ndi chitatu amasungidwira wosewera amene wapambana umodzi mwa mipikisano inayi ija m'chakacho, ngati ali pakati pa nambala 8 ndi 20. Umu ndi mmene a Goran Ivanišević analowera mu 2001 atapambana Wimbledon. Ngati palibe wotero, malowo amapita kwa amene ali pa nambala 8. Enanso awiri amapita ngati odikirira, kuchitira kuti wina angavulale. Anthu 8 aja amagawidwa m'magulu awiri a anthu anayi, ndipo awiri opambana m'gulu lililonse amapitirira. Kuyambira 2021 mpikisanowu wakhala ukuchitikira ku Turin, m'dziko la Italy.

Mu 1973 boma la South Africa linawapatsa a Ashe chiphaso chija. Iwo anaumirira kuti owonerera asakhale molekanitsidwa mitundu, anafika m'ndime yomaliza kumene anagonja kwa a Jimmy Connors, ndipo anapambana masewera a awiriawiri pamodzi ndi a Okker. Ena mwa omenyera ufulu a m'dzikolo sanakondwere ndi ulendowu, poona kuti ukuyeretsa dzina la boma la tsankho. Patapita zaka, a Ashe nawonso anagwirizana ndi maganizo onyanyala South Africa pa masewera.

Chaka chawo chachikulu chinali 1975. Anagonjetsa a Björn Borg ku Dallas pa mpikisano womaliza wa gulu la WCT, kenako pa Wimbledon anagonjetsa a Connors, amene ambiri ankati sangagonje. M'malo molimbana nawo pa mphamvu, ankawapatsa mipira yofewa ndi yotsika, ndipo anapambana 6-1, 6-1, 5-7, 6-4. Mpaka lero palibe mwamuna wina wakuda amene anapambana Wimbledon, US Open kapena Australian Open pa masewera a mmodzimmodzi.

Pa Masters ya chaka chimenecho ku Stockholm panachitika zimene anthu sanayembekezere kwa wophunzira wa dokotala Johnson. A Ilie Năstase a ku Romania, amene ankatsalira 4-1 m'chigawo chachitatu, anayamba kuchedwetsa masewera ndi kuwaseka. A Ashe anatola katundu wawo natuluka m'bwalo. Poyamba onse awiri anachotsedwa pa masewerowo, koma akuluakulu atakambirana anagamula kuti wopambana ndi a Ashe. Popeza m'ndime ya magulu munthu angathe kugonja kamodzi n'kupitirirabe, a Năstase anakafika m'ndime yomaliza natenga chikho, pamene a Ashe anatulutsidwa ndi a Borg itatsala ndime imodzi.

Mu 1977, chaka chimene anakwatira mayi Jeanne Moutoussamy, anachitidwa opaleshoni ya chidendene ndipo anakhala nthawi yaitali osasewera. Kompyuta ija sinawachitire chifundo: anatsika mpaka pa nambala 257. Mu 1978 anayambanso kutolera mapointi, ndipo anapeza malo pa Masters ya nyengo ya 1978, imene inachitikira ku Madison Square Garden mumzinda wa New York mu Januwale 1979. M'ndime ya magulu, a John McEnroe a zaka 19 anawagonjetsa mosavuta. Awiriwa anakumananso m'ndime yomaliza, ndipo kawiri konse a Ashe anatsala ndi pointi imodzi yokha kuti atenge chikho. A McEnroe anapulumuka napambana 6-7, 6-3, 7-5. Chikho cha Masters cha mmodzimmodzi a Ashe sanachitengepo.

Mu Julayi 1979 anadwala mtima mwadzidzidzi, anachitidwa opaleshoni mu Disembala, ndipo anasiya kusewera mu 1980. Anatsogolera timu ya America ya Davis Cup imene inapambana mu 1981 ndi 1982. Mu Januwale 1985 anamangidwa pa zionetsero zotsutsa tsankho pa ofesi ya kazembe wa South Africa ku Washington. Analembanso mbiri ya anthu akuda a ku America pa masewera, m'mabuku atatu otchedwa A Hard Road to Glory, amene anatuluka mu 1988.

M'chaka chomwecho cha 1988 anapezeka ndi kachilombo ka HIV. Madokotala anakhulupirira kuti anakatenga m'magazi amene anapatsidwa pa opaleshoni yachiwiri ya mtima mu 1983, nthawi imene magazi anali asanayambe kupimidwa za kachilomboka. Anasunga chinsinsi pofuna kuteteza banja lawo, kufikira mu Epulo 1992 pamene anamva kuti nyuzipepala ina ikufuna kulemba nkhaniyi, ndipo anaulula okha pamaso pa atolankhani. Ku Zambia anthu anali atamva kale mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, akuulula mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi, koma m'maiko ambiri matendawa ankatchulidwa monong'ona. A Ashe anakhazikitsa bungwe lolimbana ndi Edzi, ndipo pa 1 Disembala 1992 analankhula ku msonkhano wa United Nations. Miyezi itatu izi zisanachitike anali atamangidwanso pafupi ndi White House, podandaula za mmene boma linkachitira ndi anthu othawa kwawo a ku Haiti.

Anamwalira ndi chibayo pa 6 Febuluwale 1993 ku New York, ali ndi zaka 49. Anthu zikwizikwi anakaona thupi lawo ku nyumba ya bwanamkubwa wa Virginia, ndipo anaikidwa m'manda a Woodland ku Richmond, pafupi ndi mayi awo. Bwalo lalikulu la US Open, limene linatsegulidwa mu 1997, limadziwika ndi dzina lawo, monganso malo ophunzirira tenisi a ku Soweto.