Mbiri ya H. G. Wells ndi Nkhondo Zake Zazing'ono

Pakati pa anthu otchuka amene analemba mabuku m'Chingerezi panali wina dzina lake Herbert George Wells. Ambiri amamkumbukira chifukwa cha nthano zake za sayansi, zonena za makina odabwitsa ndi zamoyo zochokera kumwamba. Koma pali chinanso chimene anachita chimene sichitchulidwa kawirikawiri m'kalasi, ndicho kulemba malamulo a masewera a nkhondo ya zidole, yomenyedwa pansi m'nyumba kapena pa tebulo. Munthu ameneyu anali wodana ndi nkhondo. Tsono tiyeni tione moyo wake, kuti timvetse chimene chinachititsa munthu wotere kuphunzitsa anzake kusewera nkhondo.

Wells anabadwa pa 21 September, 1866, ku Bromley, pafupi ndi London, m'dziko la England. Makolo ake anali osauka. Atate wake, Joseph Wells, anali ndi kasitolo ka mbale ndi makapu kamene sikanali kupindula, ndipo ndalama zina ankazipeza posewera kiriketi. M'chaka cha 1874 mnyamatayo anathyoka mwendo, nagona pa kama masiku ambiri. Atate wake ankamtengera mabuku obwereka kuti asasungulumwe, ndipo kuyambira pamenepo sanalekenso kuwerenga.

M'chaka cha 1877 atate wakewo anathyokanso ntchafu, naleka kiriketi, kotero kuti umphawi unakula pabanjapo. Amake, Sarah, anabwerera ku ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera ku Uppark, ndipo mwanayo anamtumiza kukaphunzira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Southsea. Kumeneko anakhala kuyambira 1881 kufikira 1883, akugwira ntchito maola 13 pa tsiku. Ntchitoyo anaida ndi mtima wake wonse. Potsiriza anaichoka, nalowa sukulu ya ku Midhurst, kumene ankaphunzitsa ana aang'ono uku iyenso akuphunzira. Anakhoza bwino mayeso, ndipo mu 1884 anapata malo pa Normal School of Science ku London, kumene ankalandira mashilingi 21 pa sabata. Mphunzitsi wake wa za zamoyo anali Thomas Henry Huxley, katswiri womveka wa masiku amenewo.

Ife amene timasonkhanitsa magazini ino tingakondwe kumva kuti Wells anathandiza kuyambitsa magazini ya ophunzira pa sukulu imeneyo, yotchedwa Science Schools Journal, ndipo nthano yake yoyamba ya munthu woyenda m'nthawi inatuluka m'menemo mu 1888. Koma tichenjerenso, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mtima wake unapita kwambiri ku zolemba ndi ku mitsutso, ndipo mu 1887 analephera mayeso, nataya malo ake. Anakaphunzitsa ku Wales, kumene anavulala impso posewera mpira. Komabe sanataye mtima, ndipo mu 1890 analandira digiri ya sayansi ku University of London.

Popeza thupi lake linali lofooka, analeka uphunzitsi nayamba kudyera cholembera. The Time Machine inatuluka mu 1895, The Invisible Man mu 1897, ndipo The War of the Worlds, ndiko kuti nkhondo ya pakati pa maiko awiri, inatuluka monga buku mu 1898. Nthano yotsirizayi imanena za zamoyo za ku Mars, dziko lija timaliona usiku ngati nyenyezi yofiira. Zamoyozo zinatera pafupi ndi tauni ya Woking, kumene Wells mwini anakhalako. Zinkayenda m'makina aatali a miyendo itatu, zikutentha midzi ndi cheza cha moto, ndi kupha anthu ndi utsi wakuda. Asilikali a Angerezi, amene masiku amenewo anali kuopedwa ponseponse, anathawa ngati nkhuku zoona kabawi. Chimene chinagonjetsa adaniwo si mfuti ayi, koma tizilombo ta matenda tosaoneka ndi maso, timene matupi awo sanatizolowere.

Nthano imeneyi ili ndi fupa m'kati mwake. M'mutu woyamba Wells anakumbutsa Angerezi anzake za anthu a pa chilumba cha Tasmania, amene Azungu anawasakaza atafika m'dziko lawo. Anafuna kuti a mtundu wake alawe m'maganizo kuwawa kwa kulandidwa dziko ndi mlendo wa zida zoposa zako. Iye sanatchule Angoni, koma ife a ku Ntcheu sitisowa wotimasulira. M'chaka cha 1896, pamene Wells anali kulemba nthanoyi, asilikali a Boma la Angerezi anafika kuno ndi mfuti, nagwira Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, namupha. Nthungo ndi zishango za zikopa sizinathe kulimbana ndi zipolopolo, ngakhale ozigwira anali amuna olimba mtima.

Tsopano tifike ku masewera aja. Wells anali ndi ana aamuna awiri mwa mkazi wake Amy Catherine: George, wobadwa mu 1901, ndi Frank, wobadwa mu 1903. Ankakonda kugwada nawo pansi ndi kumanga mizinda ya timatabwa, ndipo mu 1911 analemba kabuku ka masewera otere kotchedwa Floor Games. Tsiku lina, pamene anali kukhala ku Sandgate, kunabwera bwenzi lake Jerome K. Jerome, mlembi mnzake. Mlendoyo anaona tiasilikali ta mtovu ta anawo ndi kamzinga ka sipuling'i koponya kamtengo, nayamba kutiwombera. Posachedwa amuna aakuluwo anali kupikisana. Koma anaona msanga kuti masewera opanda malamulo amatha ndi mkangano, ndipo Wells ndi anzake anayesa njira zambiri, akusintha apa ndi apo, kufikira malamulowo anakhazikika. Mu 1913 anawasindikiza m'buku lotchedwa Little Wars, ndiko kuti nkhondo zazing'ono. Akuluakulu a asilikali a ku Prussia anali ndi masewera awo ophunzitsira nkhondo kuyambira 1824, koma amenewo anali ovuta, ofuna woweruza. A Wells anali a munthu wamba.

Malamulo ake ali motere. Wosewera mmodzi amakonza dziko, naika tinyumba, mitengo ndi timapiri, ndipo mnzakeyo ndiye amasankha mbali imene afuna. Lamulo limeneli ndi lanzeru, pakuti wokonza dziko sangakondere mbali imodzi, posadziwa kumene adzaima. Kenaka amapachika nsalu pakati, kuti aliyense afole asilikali ake mnzake osaona. Nsalu ikachotsedwa amasewera mosinthana. Msilikali woyenda pansi amayenda phazi limodzi, ndiwo masentimita 30, ndipo wa pa kavalo amayenda mapazi awiri. Mtunda amayesa ndi timikuzi todulidwiratu. Nthawinso ndi yowerengeka: mphindi imodzi ya asilikali 30 alionse, ndi mphindi imodzi ya mzinga uliwonse. Wochedwa kuganiza nthawi imamthera asilikali ake ena asanasunthe.

Mzinga uli ndi malamulo akeake. Sugwira ntchito pokhapokha pali asilikali anayi pafupi nawo, osapitirira mainchesi 6. Pa ulendo umodzi ungathe kuyenda kapena kuwombera, koma osati zonse ziwiri, ndipo suwombera koposa kanayi. Kamsilikali kamene kagwetsedwa ndi kamtengo kaja kafa. Mzinga wosiyidwa wopanda oulonda adani angathe kuulanda ndi kuutembenuzira kwa mwini wake.

Lamulo lokoma koposa ndi la magulu amene akumana maso ndi maso. Akakhala ofanana chiwerengero, onse amaphana natha. Akasiyana, pamafunika kuona ngati gulu laling'ono lili ndi anzake pafupi, okwana theka la chiwerengero chake, amene angafike pa ulendo umodzi. Tiyerekeze kuti asilikali 6 akumana ndi 10. Ngati pafupi pali anzawo atatu, asanu ndi mmodziwo amamenya mosaopa, aliyense nafa ndi mdani mmodzi, ndipo gulu lalikulu limatsala ndi anthu anayi okha. Koma ngati ali okhaokha, anayi amagwidwa ukaidi, awiri otsalawo nafa ndi adani awiri, kotero kuti gulu lalikulu limatsala ndi anthu 8 pamodzi ndi akaidi anayi. Onani kusiyana kwake! Anthu atatu amene sanaponye nkomwe nkhonya asintha mlandu wonse.

M'malamulo amenewa ndimo mumatuluka machenjerero a masewerawa. Wosewera wanzeru satumiza kagulu patali kokha. Amayendetsa anthu ake kuseri kwa tinyumba ndi timapiri kuti mzinga usawaone, sawaunjika pamodzi poyera, ndipo a pa akavalo amawasunga kuti akazungulire mdani m'mbali pamene maso ake ali kutsogolo. Azulu ndi Angoni ankadziwa nzeru yomweyi, pakuti gulu lapakati linkalimbana ndi adani pamene magulu a m'mbali anali kuwazinga ngati nyanga za ng'ombe. Wodziwa bawo adzaonanso chibale. Pa bawo pali maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo wopambana ndiye amene amawerengeratu kumene dzanja lake lidzathera ndi chimene mnzake adzachita pambuyo pake. Kusiyana kwake nkwakuti pa bawo zonse zili poyera, pamene kwa Wells nsalu imabisa chiyambi, ndipo kamtengo kangathe kuphonya ngakhale waganiza bwino.

Kumapeto kwa bukulo Wells anaulula cholinga chake. Anafotokoza kuti munthu akasewera kangapo amaona yekha kuchuluka kwa zolakwa ndi chisokonezo pa nkhondo ya tiasilikali tochepa, ndipo amazindikira kuti nkhondo yeniyeni ya anthu zikwizikwi ndi yoposa nzeru za mtsogoleri aliyense. Anafuna kuti mafumu ndi onse okonda nkhondo atsekeredwe m'chipinda ndi zidole zawo, amenyane mpaka akhute, anthu ena akugwira ntchito zawo mumtendere. Msilikali wa mtovu akagwa amadzutsidwa nabwezedwa m'bokosi, ndipo sasiya mkazi wamasiye kapena mwana wolira.

Koma atsogoleri a maiko sanamvere. Chaka chimodzi chokha chitapita, mu 1914, nkhondo yaikulu inabuka ku Europe, nifika ndi kuno komwe. Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga mu September chaka chomwecho, ndipo amuna ambiri a dziko lino anatengedwa kukakhala asilikali ndi amtengatenga, ochuluka nafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe anadandaula poyera za kukhetsa mwazi wa anthu akuda pa nkhondo ya eni ake, naukira Boma mu January, 1915. Apa tiyenera kunena zoona, kuti Wells mwini anagwa m'mbuna. Iye anavomereza nkhondo imeneyo, nalemba kuti ndiyo idzathetsa nkhondo zonse. Anthu mamiliyoni anafa, koma nkhondo sizinathe, ndipo iye anakhumudwa kwambiri.

Zolakwa zake sizinali zokhazi. Sanali wokhulupirika m'banja, ndipo m'buku la Anticipations la 1901 analemba mawu onyoza mitundu ina ya anthu. Koma pambuyo pake anasintha maganizo, nadzudzula tsankho la khungu atayendera America mu 1906.

Zinthu zambiri zimene analota zinachitikadi. Mu 1903 analemba za magalimoto achitsulo a nkhondo akasinja asanapangidwe. Mu 1908 analemba za nkhondo ya mumlengalenga, ndipo mu 1914 za bomba la atomiki. Zaka zake zotsala anazithera pochenjeza anthu. Mu 1920 anatulutsa The Outline of History, mbiri ya anthu onse a pa dziko monga banja limodzi. Anakaonana ndi Lenin mu 1920, ndi Roosevelt ndi Stalin mu 1934. Mu 1940 analemba The Rights of Man, buku limene linathandiza kukonza njira ya chikalata cha ufulu wa anthu chimene United Nations inavomereza mu 1948. Pa nkhondo yachiwiri anakana kuthawa mu London pamene mabomba anali kugwa. Anakhala ndi moyo kufikira anamva za bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo anamwalira pa 13 August, 1946, ali ndi zaka 79.

Mbewu ziwiri zimene anafesa, nthano za sayansi ndi malamulo a nkhondo ya zidole, zinadzakumana iye atafa kale. Mu 1987 kampani ya Games Workshop ya ku England inatulutsa masewera otchedwa Warhammer 40,000, a nkhondo za pakati pa anthu ndi zamoyo za ku nyenyezi. Osewera amapaka utoto tiasilikali tawo, nayesa mtunda pa tebulo monga ankachitira Wells, koma m'malo mwa kamzinga amaponya madayisi. Gulu lililonse lili ndi mbiri yake yopeka, mafumu ake ndi adani ake, ndipo osewera amaiphunzira monga ife tiphunzira mbiri ya makolo athu.

Anzanga, pakati pa ife ophunzira padzatuluka aphunzitsi, asilikali, kapenanso atsogoleri a dziko. Moyo wa Wells utiphunzitse kuti mwana wa m'sitolo ya nsalu angathe kulankhula ndi dziko lonse ngati agwiritsa buku, ndi kuti ngakhale munthu wanzeru anganyengedwe ng'oma ya nkhondo ikalira. Tiphunzire machenjerero, tipikisane pa bawo ndi pa bwalo la mpira, koma tikumbukire kuti nkhondo yabwino ndi yokhayo imene akufa ake amadzukanso madzulo.