Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira yemwe adaimitsa doko la Cape Town

M'mwezi wa Disembala 1919, sitima zapamadzi zidangoti tayale padoko la Cape Town popanda wotsitsa kapena kukweza katundu. Anthu pafupifupi 2,000 adali atanyanyala ntchito, ndipo yemwe ankawatsogolera adali mnyamata wa zaka 23 zokha wochokera kuno kwathu, Clements Kadalie.

Mkuluyu adabadwa m'chaka cha 1896 m'mudzi wa Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Adaphunzira ku Livingstonia komwe adatulukako ndi satifiketi ya uphunzitsi. Koma choko sadachigwire nthawi yaitali. Monga ankachitira anyamata ambiri a nthawiyo, mu 1915 adauyamba ulendo wapansi kukasaka ntchito ya malipiro ooneka. Adagwirako ukalaliki ku Mozambique ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo mu 1918 adafika ku Cape Town.

Mzindawu umakula kamba ka doko ndi njanji, ndipo ntchito zidalipo ndithu. Vuto lidali loti khungu ndilo limanena ntchito yomwe munthu agwire ndi ndalama zomwe alandire. Osenza matumba adali akuda ndi makaladi, pomwe ntchito zaluso ndi malipiro onona zidali za azungu. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse idali itangotha kumene, mitengo ya zinthu itakwera, koma malipiro a osenza katundu ali pomwepo.

Mu Januwale 1919, Kadalie adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ndi mamembala 24 okha, ambiri a iwo ogwira padoko. Sitalaka ya Disembala ija idatha masabata awiri popanda phindu looneka msanga, koma chaka chotsatira malipiro apadoko adakwezedwa. Boma lidafuna kumuthamangitsa m'dzikomo, koma lamulolo lidafafanizidwa asadanyamuke.

Zinthu zidafika poipa boma la J.B.M. Hertzog litalowa mu 1924. Njanji ndi madoko zidali m'manja mwa boma, ndiye bomalo lidaganiza zothetsa umphawi wa azungu powalemba ntchito kumeneko. Akuda ambiri adachotsedwa kuti malo awo atenge azungu osauka, omwe ankalandira ndalama zambiri pantchito yomweyomweyo. Tangoganizani, njanji yomwe anthu adaikhetsera thukuta ndiyo idasanduka chida chowalandira chakudya pakamwa.

Mkwiyo umenewu udakulitsa ICU. Likulu lidasamukira ku Johannesburg, bungwe lidali ndi nyuzipepala yakeyake ya Workers' Herald, ndipo pofika 1927 mamembala adali pafupifupi 100,000, kuphatikizapo ogwira ntchito m'mafamu. Chaka chomwecho Kadalie adapita ku Ulaya kukafotokoza za nkhanzazi.

Koma kusonkhanitsa anthu ndi kuyendetsa bungwe n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pachiwiripa mkuluyu adaperewera. Ndalama sizimayenda bwino, atsogoleri ankakokanakokana, ndipo nthambi ya ku Natal idapatuka mu 1928 motsogozedwa ndi A.W.G. Champion. Kadalie adatula pansi udindo mu 1929.

Adakakhazikika ku East London, mzinda winanso wa doko, komwe mu 1930 adatsogolera sitalaka ina ya ogwira ntchito panjanji ndi padoko, ndipo adamangidwa kamba ka zimenezi. Adamwalirira komweko m'mwezi wa Novembala 1951. Buku lomwe adalemba lofotokoza za moyo wake lidatuluka mu 1970, patadutsa zaka 19 mwini wake ali m'manda.