Augustin-Louis Cauchy

Augustin-Louis Cauchy (21 Ogasiti 1789 – 23 Meyi 1857) anali katswiri wa masamu wa ku France. Ndiye anapereka tanthauzo la stress, kutanthauza mphamvu zokankhana ndi zokokana mkati mwa chinthu cholimba, lomwe mainjiniya amagwiritsabe ntchito.

Moyo wake

Anabadwira ku Paris ndipo anaphunzira ku École Polytechnique ndi ku École des Ponts et Chaussées. Mu 1810 anatumizidwa ku Cherbourg kukamanga nawo doko la zombo zankhondo za Napoleon, koma matenda anamubweza ku Paris. Anali Mkatolika wolimbikira komanso wokhulupirika ku banja lachifumu la Bourbon. Mu 1830 anakana kulumbira kuti adzamvera mfumu yatsopano, Louis-Philippe, choncho ntchito inamuthera. Anakakhala ku Turin ndi ku Prague mpaka 1838. Anamwalirira ku Sceaux.

Tanthauzo la stress

Cauchy anafotokoza ganizoli ku Académie des Sciences mu 1822. Munthu atayerekeza kuti wadula chitsulo cha njanji, monga yodutsa pa Golomoti, chidutswa chimodzi chimakankha kapena kukoka chinzake pamalo odulidwawo. Stress ndi mphamvuyo poiyerekeza ndi kukula kwa malowo. Iye anasonyeza kuti manambala 6 okha ndi okwanira kuifotokoza pa kadontho kalikonse, kaya chitsulocho chadulidwa chopingasa kapena chopendekeka.

Tanthauzoli limatenga chitsulo ngati chinthu chopanda mipata mkati. Mu 1828 anayesanso njira ina, yoyambira pa timagawo ting'onoting'ono tokokana tiwiritiwiri. Apa sizinamuyendere bwino kwenikweni: malamulo amene anapeza satsatidwa ndi mkuwa, golide ndi zitsulo zina zambiri.

Funso limene anasiya

Masiku ano asayansi amawerengera pa kompyuta kayendedwe ka atomu iliyonse m'chitsulo. Koma pakati pa maatomu pali mipata, ndipo sizidziwikiratu kuti kudula kongoyerekeza kuja kudutse pati. Amadalira njira ya virial ya Rudolf Clausius ya mu 1870, ya Irving ndi Kirkwood ya mu 1950, kapena ya Hardy ya mu 1982. Pafupi ndi mng'alu, pamene chitsulo chimayambira kuthyoka, njirazi zikhoza kupereka manambala osiyana. Iliyonse amaiyesa poona ngati ikugwirizana ndi stress ya Cauchy maatomu akachuluka.